Mtanda umodzi wa nsima uli ndi makalori angati? Ndikufuna kutsitsa thupi, ndithandizeni

Nachisale_Telala, Ndirande

Moni nonse abale anga. Ndine mayi wa ana atatu, zaka 39, ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina kuno ku Ndirande. Ntchito yanga ndi yokhala pampando kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa, makamaka nyengo ya mayunifomu ndi ya maukwati. Thupi lakhala likukwera pang'onopang'ono chibadwire mwana wachitatu, pano lafika 86 kg, pomwe msinkhu wanga ndi 160 cm. Mawondo amandiwawa ndikamakwera chitunda chopita kunyumba, ndipo madzulo mapazi amakhala atatupa moti nsapato imaluma. Kuchipatala atandiyeza anati BP yayamba kukwera. Mankhwala sanandipatse, anati ndiyambe ndatsitsa thupi ndi kuchepetsa mchere, kenako ndidzapitenso. Mayi anga anavutika ndi shuga zaka zambiri ndipo ndinawasamala ndine, choncho nkhaniyi ikundisowetsa tulo.

Mwana wanga wamkulu anandiikira mufoni app yowerengera makalori, muyeso wa mphamvu yomwe chakudya chimapereka m'thupi. Vuto ndi loti zakudya zathu mulibe bwinobwino. Ukalemba nsima imakupatsa ugali kapena pap, uku akuti 120, uku akuti 350, sudziwa kuti utenge ziti. Nanga mtanda womwe? Wa kwathu ndi wa chipande chachikulu, sungafanane ndi timitanda ta m'malesitilanti.

Kadyedwe kanga nthawi zambiri ndi aka. Mmawa tiyi wamkaka makapu awiri, shuga masupuni atatu pakapu, ndi buledi masilaisi anayi opaka majarini. Cha m'ma 10 pamadutsa mayi wina wa mandasi otentha, ndimagula awiri. Masana chipisi cha pachiwaya ndi Fanta, chifukwa kusiya makina kupita kukaphika sizitheka. Madzulo nsima mitanda itatu, ndiwo zomwe zapezeka, usipa, nyemba, soya pieces, masamba, nyama mwa apo ndi apo.

Ndiye funso langa ndi loti zimenezi ndiziwerenga bwanji, ndipo ndizidya makalori angati patsiku? Anzanga ena akuti ndingosiyiratu nsima. Ine ndimaphikira banja lonse mumpoto umodzi, tili anthu asanu ndi mmodzi pamodzi ndi apongozi anga, ndalama yogulira zakudya zanga zapadera ndilibe. China chomwe chikundidetsa nkhawa ndi pakamwa pa anthu. Kuno munthu ukangotsika pang'ono amayamba kunong'onezana kuti akudwala uja.

Nangozo_Zomba

Achemwali, nsima musasiye. Ine ndinali pomwe muliripo, ndipo ndatsika ndi nsima yomweyo ili pambale. Ndine mphunzitsi wa masamu, choncho mundipirire, ndilemba manambala.

Nsima yophika kale ndi yovuta kuiwerenga chifukwa mbali yaikulu ya kulemera kwake ndi madzi, ndipo madzi alibe kalori ngakhale imodzi. Wina amaphika yolimba, wina yofewa, n'chifukwa chake mufonimo manambala akusemphana. Choyenera kuyeza ndi ufa. Magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi makalori pafupifupi 360. Tsiku limodzi lokha bwerekani sikelo, ngakhale ya kugolosale ya pafupi, muyeze ufa mubeseni musanaphike, muyezenso wotsala mukamaliza kuthyakula. Kusiyana kwake ndiye ufa womwe walowa mumpoto. Kenako werengani mitanda yomwe mwaomola. Kwathu ufa wa magalamu 800 umatulutsa mitanda 10, ndiye kuti mpoto wonse ndi makalori pafupifupi 2,900, mtanda umodzi 290. Ndimangoti 300 kuti zisavute. Ngati chipande chanu ndi chachikulu kuposa changa mupeza nambala yokulirapo, koma mukaipeza mwaipeza, simudzafunikanso sikelo bola chipande chikhale chomwecho.

Mafuta ophikira ndiye amabisa zambiri. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pomwe ya ufa, shuga kapena zomanga thupi ili ndi 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ndi makalori pafupifupi 120, lita imodzi imapitirira 8,000. Tangoganizani botolo la malita asanu likatha pamwezi panyumba ya anthu asanu ndi mmodzi. Ndiye kuti aliyense akumwa makalori oposa 200 tsiku lililonse kuchokera ku mafuta okha, osawaona n'komwe, chifukwa alowa mu tomato ndi anyezi. Ambirife timathira kuchokera m'botolo, kungopendeketsa mpaka pansi pa poto pabisike. Yambani kuthira ndi supuni. Ndiwo za banja lanu masupuni awiri kapena atatu akwanira.

Shuga naye, kasupuni kakang'ono kosadzaza kwambiri ndi makalori 16, koma ife timatapa kodzaza mpaka phiri, kameneko kamayandikira 30. Botolo la zoziziritsa kukhosi la 300 ml limakhala cha m'ma 130.

Ndayesa kuphatikiza tsiku lomwe mwafotokozalo mongoyerekeza. Tiyi ndi mkaka ndi shuga 200, buledi ndi majarini 400, mandasi awiri 400, chipisi 600 kapena kuposa malinga ndi dzanja la wogulitsa, Fanta 130, nsima 900, ndiwo ndi mafuta ake 300. Zonse zikuyandikira 2,900. Mayi wa msinkhu wanu ndi kulemera kwanu, wogwira ntchito yokhala pansi, thupi lake limagwiritsa ntchito makalori cha m'ma 2,000 kapena 2,100 patsiku. Ndikudziwa kuti si masiku onse omwe mumadya chonchi, koma masiku otere akachuluka zotsalazo thupi limasunga. Kuti muzitsika theka la kilogalamu pasabata muyenera kumadya mochepera ndi makalori pafupifupi 500 pa zomwe thupi limafuna, ndiye cholinga chanu chikhale cha m'ma 1,600.

Taonani kuti pa 2,900 paja nsima ndi 900 yokha. Zambiri mwa zotsalazo zikulowa muli pamakina. Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi masana. Madzulo pophika muzipatula nyemba kapena usipa ndi masamba mukontena, mmawa muwiritse mbatata ziwiri zapakatikati, munyamule. Mbatata yowiritsa magalamu 100 sifika makalori 90, ndipo imakhalitsa m'mimba. Fanta alowe m'malo ndi madzi. Pa 10 koloko dzira lowiritsa, lomwe ndi makalori osafika 80, ndi nthochi imodzi. Zikakhazikika zimenezo mubwere ku tiyi, shuga mutsike kuchoka pa atatu kufika pa awiri, kenako imodzi, lilime limazolowera. Buledi masilaisi awiri. Pomaliza penipeni ndi pomwe mungachotse mtanda umodzi madzulo, malo akewo mudzaze masamba. Musachite zonse tsiku limodzi, njala yake ingakubwezeni pachiwaya sabata isanathe.

Mtedza musamale nawo. Ndi chakudya chabwino, koma magalamu 100 ndi makalori oposa 550, ndipo munthu ukamasoka umangotola osadziwa kuti kapepala katha. Kadzanja kamodzi basi. Mapeyala chimodzimodzi, theka likwanira.

Achimwene_a_ku_Joni

Asisi, zomwe alemba aphunzitsiwo ndi zoona, ine ndingowonjezera za mapaketi. Ndimagwira ntchito yoyendetsa galimoto kuno ku Johannesburg, ndipo katundu wambiri wa m'mashopu akuluakulu kumudziko amachokera konkuno. Pamapaketi a kuno nthawi zambiri salemba makalori, amalemba kJ, muyeso wina wa mphamvu ya m'chakudya. Mukaona 840 kJ musadzidzimuke, gawani ndi 4.2, mupeza makalori 200. Muziyang'ananso ngati nambalayo ndi ya magalamu 100 kapena ya gawo limodzi lodya, chifukwa gawo lomwe amalemba pa mabisiketi limakhala awiri kapena atatu pomwe munthu amamaliza paketi.

Kwa ine chomwe chinkandikuza mimba ndi zakumwa. Botolo laling'ono la mowa ndi makalori cha m'ma 140, Loweruka limodzi munthu umatha kubweza zonse zomwe wachepetsa sabata yonse. Inu mwina simumwa, koma Sobo wothira kwambiri, maheu a m'sitolo ndi thobwa la shuga zimagwira ntchito yomweyo. Chakumwa sichikhutitsa, umamwa makalori 300 kenako n'kudya nsima yako yonse ngati sunalawe kanthu.

Kuyenda kumathandiza koma musadalire kokhako. Kuyenda mwandawala mphindi 30 kumatentha makalori 150 kapena kuposerapo pang'ono, osakwana ndi mandasi amodzi omwe. Ubwino wake uli pa mtima, BP ndi tulo. Muzitsika minibasi siteji imodzi musanafike, ndipo pamakinapo muzidzuka ola lililonse, ngakhale kungopita kukasita chovala choimirira. Mapaziwo achepa kutupa.

Mayi_Nasibeko, Dedza

Mwana wanga Nachisale, ine ndisiyana nawo pang'ono anzathuwa. Manambalawo sindikuwatsutsa, koma mayi wa ana atatu, wosamala apongozi, wothamangitsana ndi makasitomala, adzawerenga mpaka liti? Ndaona atsikana kutchalitchi kwathu akuyamba ndi moto, foni m'manja pa chakudya chilichonse, mwezi usanathe atopa, thupi labwerera ndi chiwongoladzanja. Werengani masabata awiri kapena atatu kuti maso atseguke, mudziwe chomwe chikukunenepetsani. Zikatero foni ikani pambali, muziyang'ana mbale.

Mbale yanu theka likhale masamba. Mbali yotsalayo muigawe pawiri, kwina nsima, kwina ndiwo zomanga thupi, kaya ndi nyemba, nandolo, khobwe, usipa, matemba, dzira kapena nkhuku. Ife timachita mosemphanitsa, nsima phiri, masamba kadontho pambali ongonyowetsera mbamu. Masamba kwathu kuno ndi osasowa, nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, kholowa, khwanya, chigwada, therere, ndipo chilimwe kuli mfutso. Muyambe kudya masambawo musanateme nsima, mudzaona kuti mtanda wachitatu mukuusiya nokha popanda wokukakamizani.

Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Munthu azidya kuchokera m'magulu onsewa tsiku lililonse. Tsiku lanu lija mukaliyang'ana bwino, kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka mwadya zokhutitsa ndi zamafuta zokhazokha, chipatso palibe ngakhale chimodzi. Munthu angathe kukwanitsa 1,600 ija ndi mandasi ndi Fanta basi, nambala n'kukhala yolondola, koma thupi lofooka, magazi ochepa, tsitsi likuthothoka. Kutsika kotero ndi komwe kumapangitsa anthu kunena kuti akudwala, chifukwa amaonekadi wodwala.

Ndipo yesani mgaiwa. Makalori ake sasiyana kwenikweni ndi a ufa woyera, musanamizidwe, koma uli ndi madeya ake, umakhalitsa m'mimba ndipo kuchimbudzi kumayenda bwino. Chimanga chikakonoledwa n'kuviikidwa masiku angapo, zambiri zabwino zimapita ndi madeya ndi madzi aja. Ngati pakhomo akana, sakanizani theka mgaiwa theka woyera. Masamba otendera nawo ndi abwino, supuni ya nsinjiro sifika ngakhale theka la makalori a supuni ya mafuta, bola musatendere n'kuthiranso mafuta pamwamba.

Namwino_wa_ku_Area25

A Nachisale, mwachita bwino kufunsa BP isanafike pofuna mankhwala. Ndine namwino, ndiyankhapo mbali ya chipatala.

Pa 86 kg ndi 160 cm, BMI yanu, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake, ndi 33.6. Kuyambira 25 timati thupi lapitirira, kuyambira 30 timati kunenepa kwambiri. Musathamangire kuganiza za 60 kg. Kutsika ndi magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwanu, kwa inu ndi makilogalamu 4 mpaka 9, kumatsitsa kale BP ndi kuchepetsa chiopsezo cha shuga. Poti mayi anu anadwala shuga, mukapitanso kuchipatala mupemphe akuyezeni shuga musanadye kanthu mmawa.

Inu ndinu telala, tepi muli nayo pakhosi tsiku lonse. Muzidziyeza m'chiuno, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, mutatulutsa mpweya. Kwa amayi, kupitirira 80 cm chiopsezo chimayamba kukwera, kupitirira 88 cm chakwera kwambiri. Nthawi zina sikelo imaima masabata awiri pomwe tepi ikutsika. Sikelo muzikwera kamodzi pasabata, mmawa, yomweyomweyo. Masiku oyandikira kumwezi thupi limasunga madzi, kilogalamu imatha kubwera n'kuchoka yokha.

Za mchere, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, komwe ndi kasupuni kakang'ono kamodzi, kuphatikiza wa m'zakudya zonse. Wambiri umabisala mu buledi, majarini, timakyubu ndi tiufa tokometsera ndiwo, timapaketi ta mu soya pieces, soda wa mu therere, komanso uja amawaza pa chipisi. Mchere wa patebulo uchoke. Bungwe lomwelo limalimbikitsa magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku, ndi mphindi zosachepera 150 pasabata zolimbitsa thupi. Zomwe anena Mayi Nasibeko za theka la mbale zikukufikitsani pomwepo.

Pali zinthu zomwe ndikupemphani musachite. Musatsike pansi pa makalori 1,200 patsiku popanda dokotala kukuyang'anirani. Musagule matiyi ndi makapisozi ochepetsa thupi omwe akutsatsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, chomwe chimachoka ndi madzi, ndipo kwa munthu wa BP angathe kuvulaza impso. Kwa ena omwe akuwerenga, ngati muli oyembekezera ino si nthawi yochepetsa thupi, ngati mukuyamwitsa thupi limafuna chakudya choonjezera, ndipo ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulin musachepetse chakudya musanakambirane ndi achipatala chifukwa shuga angatsike mpaka kukomoka. Mankhwala ena amakweza thupi, monga jakisoni wolera wa Depo kwa amayi ena ndi ma ARV ena. Zikatero kambiranani ndi achipatala, osasiya nokha.

Kutupa kwa mapazi kuja mukakunene mukapitanso. Nthawi zambiri ndi kukhalitsa pampando, koma kwa munthu yemwe BP yakwera timafuna tione mkodzo ndi mtima.

Za pakamwa pa anthu zimandipweteka, chifukwa ndaona amayi akukana kutsika poopa kunenedwa, kenako n'kubwera atafa ziwalo mbali imodzi. Maganizo amenewa anatsalira kuchokera zaka zija matenda a Edzi ankaondetsa anthu mankhwala asanabwere, ndipo mpaka lero kunenepa timakutenga ngati chizindikiro choti pakhomo zikuyenda. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'Malawi monse wotchedwa DHS wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi thupi lopitirira muyezo, ndipo m'matauni chiwerengerocho chinali chokwera kuposa kumidzi. Simuli nokha. Uzani amuna anu, apongozi ndi anzanu awiri atatu apamtima kuti achipatala akuuzani mutsitse thupi chifukwa cha BP. Akadziwa iwowo, ndi omwe aziyankha anthu m'malo mwanu.

Nachisale_Telala, Ndirande

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Ndayeza ufa pa sikelo ya mnyamata wogulitsa nyemba, tinagwiritsa kilogalamu imodzi ndipo inatuluka mitanda 11. Mwana wanga wawerengera kuti umodzi ndi pafupifupi 330. M'chiuno tepi yati 101 cm. Ndayamba kunyamula chakudya cha masana, ndipo mayi wa mandasi uja ndamufotokozera bwinobwino kuti asaone ngati tadana, mwana wake ndimamusokera ine yunifomu.

Povuta ndi pamafuta. Apongozi anga akuti ndiwo zopanda mafuta oyandama pamwamba ndi za kumaliro, ndipo dzulo atalawa nyemba anakatenga botolo n'kuthiramo okha. Sindifuna kukangana nawo, ndi munthu wamkulu ndipo amandithandiza kwambiri ndi ana. Mgaiwa ndiye sindinayerekeze n'komwe kuutchula. Ndipange bwanji? Komanso njala ya cha m'ma 4 koloko madzulo ikundigwira mpaka manja kunjenjemera pa makina.

Nangozo_Zomba

Achemwali, apongozi musalimbane nawo. Phikani nyemba ndi tomato, anyezi ndi supuni imodzi ya mafuta, zikapsa patulani zanu ndi za mukontena ya mawa. Zotsalazo ndiye muthiremo mafuta omwe iwo amakonda, muwiritsenso pang'ono. Mpoto ndi umodzi womwewo, palibe ndalama yoonjezera. Kwathu bambo a ana anazindikira patapita nthawi kuti ndimapatula, ndipo pano amapempha za mbali yangayo. Ngati apongoziwo amapita kokayezetsa BP, mupite nawo limodzi tsiku lina, mawu akachokera kwa namwino akuluakulu amawamva msanga kusiyana ndi akachokera kwa mpongozi.

Mgaiwa yambani ndi phala la mmawa lothira nsinjiro pang'ono m'malo mwa buledi. Phala la mgaiwa palibe amalikana, ana omwe amalikonda.

Njala ya 4 kolokoyo ikusonyeza kuti masana mukudya zochepa kwambiri, kapena mukontenamo mukuchepa zomanga thupi. Onjezerani nyemba kapena usipa, osati mbatata. Musungenso kena kake ka nthawi imeneyo, dzira lija mulisunthire madzulo, kapena gwafa, nthochi, chimanga chootcha chimodzi, kaya kadzanja ka mtedza. Makalori 150 pa 4 koloko amakupulumutsani ku mtanda wachitatu wa 330 usiku. Koma kunjenjemera manjako mukawauze achipatala pomwe mukukayezetsa shuga paja, ndipo musadikire tsiku lomwe anakupatsani, pitani sabata ino.